Kachubu ka pakhosi pa nthawi ya mliri

PULOGALAMU YA ZAUMOYO PA WAILESI

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

WOWULUTSA: Pulogalamu ya zaumoyo lero ikulowa m'chipinda chimene ambiri amangochionera pakhomo, chipinda cha odwala mwakayakaya, chimene achipatala amachitchula mwachidule kuti ICU.

Gadiyani akaloledwa kulowamo kwa mphindi zochepa, maso ake amathamangira ku makina othandizira kupuma ndi manambala amene akuphethira pamwamba pa bedi. Kawirikawiri saona kachubu kakang'ono kotulukira m'mbali mwa khosi la m'bale wakeyo, kosokerera pakhungu ndi ulusi, kophimbidwa ndi pulasitala woonekera mkati, kumapeto kwake kutagawikana tinjira titatu kapena tinayi tolumikizirapo madiripi. Madokotala ndi anamwino amakatcha central line, ena amangoti laini. Kutalika kwake ndi masentimita 15 mpaka 20. Chimene chikuoneka pakhosipo ndi mbali yakunja chabe. Nsonga yake ili mkati mwa chifuwa, mu mtsempha waukulu umene umakhuthulira magazi mu mtima.

Kanyula wamba wa padzanja amakwanira pa madzi a diripi ndi mankhwala ambiri. Koma alipo mankhwala aukali amene timitsempha ta m'manja sitiwapirira nthawi yaitali. BP ya wodwala ikagwa chifukwa cha matenda aakulu, amapatsidwa noradrenaline, mankhwala ofinya mitsempha kuti magazi afike ku ubongo ndi ku impso. Mankhwalawa akaphonya mtsempha n'kulowa m'mnofu, malowo amayera, kenaka amada, mnofu n'kufa. Mphamvu yake m'thupi imazirala pa mphindi zochepa chabe, choncho ayenera kulowa osadukiza, usana ndi usiku. Pamwamba pa amenewa pali mankhwala ogonetsa tulo, olefula minofu kuti wodwala asalimbane ndi makina opumira, maantibayotiki, potaziyamu, chakudya cha m'diripi, ndipo ena mwa iwo saloledwa kukumana m'njira imodzi. Impso zikaleka kugwira ntchito, makina osefa magazi amafuna chubu chawochawo chokulirapo, nachonso mu mtsempha waukulu.

Njira yofikira mtima kudzera mu mtsempha anaitsegula ndi mnyamata wa zaka 25 wa ku Germany, Werner Forssmann. Mu 1929, pa chipatala cha ku Eberswalde, anadzilowetsa yekha pamkono chubu chimene madokotala ankagwiritsa ntchito pa njira ya mkodzo, n'kuyenda wapansi kukajambulitsa X-ray kuti aone pamene nsonga yafika. Akuluakulu a ntchitoyo anamudzudzula, koma mu 1956 analandira mphotho ya Nobel limodzi ndi André Cournand ndi Dickinson Richards. Mu 1952 Robert Aubaniac wa ku France analemba za kubaya mtsempha wa pansi pa fupa lopingasa pakati pa khosi ndi phewa, njira imene ankapatsira msanga madzi asilikali ovulala. Chaka chotsatira Sven-Ivar Seldinger wa ku Stockholm anafotokoza kachitidwe kamene kakutsatidwa mpaka lero.

Kachitidweko ndi aka. Dokotala amabaya mtsempha ndi singano, uku akukoka sirinji. Magazi akabwera, amachotsa sirinjiyo n'kulowetsa waya wofewa kudzera m'bowo la singano. Singano imatuluka, waya n'kutsala mu mtsempha. Amacheka khungu pang'ono, n'kukuza njira ndi kachubu kolimba ka pulasitiki. Kenaka kachubu kenikeni kamatsetsereka motsata waya, wayayo n'kuzulidwa. Kumva kokha, n'zophweka. Koma mu 2003 madokotala awiri, David McGee ndi Michael Gould, atasonkhanitsa zimene kafukufuku anali atapeza, analemba m'magazini ya New England Journal of Medicine kuti odwala oposa 15 pa 100 alionse oikidwa kachubuka ankapeza vuto lina lake: kuvulala poika, matenda a m'magazi, kapena kuundana kwa magazi. Imeneyo inali nthawi ya mtendere.

Pa 11 Malichi 2020, pamene bungwe la WHO linkalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, zipatala za m'chigawo cha Lombardy ku Italy zinali zitasefukira kale. Madokotala a kumeneko anawerengera odwala 1,591 amene analowa mu ICU pakati pa 20 Febuluwale ndi 18 Malichi, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse anafunika kulumikizidwa ku makina opumira. Wodwala wotere amafunanso laini, nthawi zina ziwiri. Sipanapite masabata ambiri, zomwezo zinaoneka ku Madrid, London ndi New York. Zipinda za opaleshoni ndi mawodi wamba zinasanduka ICU, ndipo ntchito imene inkagwiridwa modekha inayamba kugwiridwa motsatizana, ndi manja otopa.

Dokotala wolowa kwa wodwala Covid ankavala masiki yothina ya N95, chotchinga kumaso, gauni ndi magolovesi, ndipo pamwamba pa zonsezo ankavalanso gauni ina ndi magolovesi ena opanda tizilombo. Thukuta linkatsika kumsana, magalasi ankachita nkhungu, nsonga za zala sizinkamva bwino chimene zagwira. Mawu ankathera m'masiki. Chida china chikaiwalika kunja, panalibe zotuluka n'kubwereranso: munthu ankagogoda pa galasi la chitseko, kapena kulemba papepala n'kulionetsa kwa mnzake woima panja. Nthawi yonseyo nkhope ya dokotala inali pafupi kwambiri ndi pakamwa pa wodwala, pamene kachilombo kankatulukira.

M'khosi, mtsempha wofunidwawo, umene umabweza magazi kuchoka kumutu, uli moyandikana ndi mtsempha wina umene umapereka magazi ku ubongo. Ophunzira udokotala amauzidwa kuti kusiyanitsa n'kosavuta: magazi opita ku ubongo ndi ofiira kwambiri ndipo amatumphuka motsata kugunda kwa mtima, pamene obwerera ndi oderapo ndipo amangotsika mwakachetechete. Kwa wodwala Covid wodwalika, chizindikiro chimenechi chinkatha kunama. Okisijeni akachepa m'thupi, magazi onse amada. BP ikagwa, satumphuka. Kubaya mtsempha wa ku ubongo ndi singano yokha si tsoka lalikulu, chifukwa dokotala amazula n'kukanikiza kwa mphindi zingapo. Tsoka limabwera akapitiriza osazindikira, n'kukuza bowolo ndi kuikamo kachubu. Pamenepo wodwala angathe kuchita sitiroko, kapena magazi angaunjikane m'khosi mpaka kupanikiza njira ya mpweya. Langizo la akatswiri pa ngozi imeneyi limadabwitsa ambiri: kachubuko kasazulidwe, kasiyidwe momwemo mpaka dokotala wa opaleshoni ya mitsempha atafika. Ndipo popeza odwala Covid ambiri ankapatsidwa heparin woletsa magazi kuundana, bowo lililonse lolakwika linkachedwa kutseka.

Ngozi yachiwiri ili m'munsi pang'ono. Nsonga ya phapo imakwera mpaka kuseri kwa fupa lopingasa lija. Singano ikapitirira n'kuboola phapo, mpweya umathawira m'mpata wa pakati pa phapo ndi nthiti, phapolo n'kufwa. Munthu wopuma yekha nthawi zina amapirira zimenezi. Koma makina opumira amakankha mpweya mwamphamvu, ndipo mapapo a odwala Covid anali ouma, ofuna mphamvu yochuluka kuti atseguke. Mpweya uliwonse umene makina akankha umawonjezera wotayikawo, mpaka kupanikiza mtima ndi phapo linalo. Zikatero mphindi zimakhala zowerengeka: pamafunika kuboola chifuwa msanga ndi kuikamo chubu chotulutsira mpweya, ntchito imene inkamwazanso kachilombo m'chipindamo.

Palinso mpweya wolowa mu mtsempha. Poika laini pakhosi, wodwala amagonekedwa chagada, mutu utatsika kuposa miyendo, kuti mtsempha ufufume ndiponso kuti usayamwe mpweya. Wodwala Covid amene sanagonetsedwe tulo, wobanika, wokoka mpweya ndi mphamvu zake zonse, sangalole kugonekedwa choncho. Akakoka mpweya bowo la singano lili pululu, mpweya wakunja umayamwidwa kupita ku mtima, n'kutsekereza magazi opita ku mapapo. N'chifukwa chake chala cha dokotala chimatseka bowolo sirinji ikangochoka.

Waya nayenso ali ndi milandu yake. Akalowa kwambiri n'kukhudza mkati mwa mtima, mtima umayamba kugunda mosokonekera mpaka atamubweza pang'ono. Mlandu waukulu ndi kumuiwala. Dokotala akataya nsonga yake potsetseretsa kachubu, waya yense amatha kulowa m'thupi, n'kudzapezeka pa X-ray patapita masiku. Ku England, a NHS, oyendetsa zipatala za boma, amaika ngozi imeneyi pa mndandanda wa zinthu zosayenera kuchitika ngakhale kamodzi. Chitetezo chake n'chosafuna ndalama: dzanja limodzi lisachoke pa waya, ndipo akatuluka, dokotala anene mokweza kuti waya watuluka, wina n'kuona ndi maso ake. M'chipinda cha Covid, momwe anthu ankachepetsedwa dala kuti asatenge matenda, munthu wachiwiri woona uja ndiye ankayamba kusowa.

Zambiri mwa ngozi zimenezi zimachepa ndi makina a sikani, mtundu womwe uja wounikira amayi oyembekezera. Pa sikani mtsempha wobweza magazi umaphwatalala ukakanikizidwa, pamene wa ku ubongo umakhalabe wozungulira, ukugunda. Bungwe la NICE ku Britain linalangiza kale mu 2002 kuti laini ya pakhosi iziikidwa sikani ikuonetsa njira. Nthawi ya mliri sikani inagwira ntchito inanso. Kubweretsa makina a X-ray m'chipinda cha Covid kunkatenga nthawi, ndipo makinawo ankafunika kupukutidwa ndi mankhwala asanapite kwina, choncho madokotala ambiri ankayamba aunika chifuwa ndi sikani yomweyo kuti aone ngati phapo likusuntha bwino.

Nanga laini iikidwe pati? Malo ndi atatu: pakhosi, pansi pa fupa lopingasa, ndi mphechepeche mwa ntchafu. Kafukufuku wa ku France wotchedwa 3SITES, amene anatuluka mu 2015 motsogoleredwa ndi Jean-Jacques Parienti, anayerekeza malo atatuwa pa machubu 3,471. Pansi pa fupa lopingasa ndi pamene matenda a m'magazi ndi kuundana kwa magazi zinachepa kwambiri, koma ndi pomweponso pamene phapo linkabooka kawirikawiri: machubu 1.5 pa 100 alionse, poyerekeza ndi 0.5 a pakhosi. Covid inapangitsa kuti kusankhaku kukhale kowawa. Malo aukhondo kwambiri anali owopsa kwa mapapo odwala kale. Mphechepeche munali kutali ndi mapapo ndiponso kutali ndi pakamwa pa wodwala, koma pafupi ndi chimbudzi ndi mkodzo. Pakhosi, monga timve posachedwa, panali vuto lakelake.

Zipatala zina zinapeza nzeru mwamsanga. Maopaleshoni osafulumira ataimitsidwa, madokotala a opaleshoni anali ndi mpata, ndipo manja awo anali ozolowera mitsempha. Ku chipatala cha yunivesite ya Columbia ku New York anapanga gulu lotchedwa SWAT, ku Massachusetts General Hospital mumzinda wa Boston lina lotchedwa COBRA. Ntchito yawo inali kuyenda bedi ndi bedi ndi zida zolongedzeratu, kuika malaini, kuti madokotala a ICU asamale za mpweya ndi mankhwala. Inali nzeru yabwino, chifukwa pa ntchito ya singano palibe choposa dzanja limene laichita kambirimbiri. Koma gulu lotere limaika laini n'kupita pa bedi lina. Kachubu kamatsala m'khosi kwa masiku, mwinanso masabata, ndipo kumeneko n'kumene mliri unapweteka anthu mosaonekera.

(Nyimbo yaifupi.)

WOWULUTSA: Pulogalamu ya zaumoyo ikupitirira, ndipo nkhani ndi ya kachubu ka mu mtsempha waukulu pa nthawi ya Covid-19.

Khungu limatchinga tizilombo kuti tisalowe m'magazi. Laini imaboola khungulo n'kusiya njira ziwiri: ina kunja kwa kachubu, kutsata bala, ina mkati mwake, kudzera pa timilomo tolumikizira masirinji. Mabakiteriya akakhazikika pa pulasitikiyo amapanga utelezi womatirira, ngati ndere za mkati mwa mtsuko wosatsukidwa, ndipo maantibayotiki amavutika kuwafikira. Kuchokera pamenepo amagwera m'magazi. Wodwala amatentha thupi, amanjenjemera, BP n'kugwa. Bungwe la CDC ku America limati mwa odwala 100 opeza matenda otere, 12 mpaka 25 amamwalira.

Kwa zaka zambiri madokotala ankaona matendawa ngati msonkho wosapeweka wa mu ICU. Amene anasintha maganizo amenewa ndi Peter Pronovost wa ku yunivesite ya Johns Hopkins. Iye ndi anzake anapempha zipinda za ICU za m'dera la Michigan kuti zizitsata mfundo zisanu nthawi iliyonse: kusamba m'manja, kuvala zodzitetezera zonse ndi kufunditsa wodwala nsalu yopanda tizilombo, kupukuta khungu ndi mankhwala opha tizilombo a chlorhexidine, kupewa mphechepeche ngati n'kotheka, ndi kuchotsa laini ikangotha ntchito. Palibe mfundo imene inali yachilendo. Chatsopano chinali chakuti namwino anapatsidwa mphamvu yoimitsa dokotala, kaya ndi wamkulu chotani, akalumpha imodzi. Zotsatira za zipinda 103 zinatuluka mu Disembala 2006: matenda anatsika kuchoka pa 7.7 kufika pa 1.4 pa masiku 1,000 alionse amene odwala anakhala ndi laini. M'dziko lonse la America, matenda otere mu ICU anatsika kuchoka pa 43,000 mu 2001 kufika pa 18,000 mu 2009.

Chaka chimodzi cha mliri chinabweza zambiri mwa zimenezi. CDC itayerekeza miyezi itatu yomaliza ya 2020 ndi miyezi yomweyo ya 2019, inapeza kuti matenda a m'magazi obwera ndi laini akwera ndi 47 pa 100 m'zipatala za ku America. Kachilombo ka korona sikalowera pa kachubu. Chimene chinasintha ndi chisamaliro cha tsiku ndi tsiku.

Chisamalirocho ndi ntchito ya namwino, ndipo ndi ya tinthu ting'onoting'ono. Kupukuta kamlomo ka laini ndi mankhwala kwa masekondi 15 asanalumikize sirinji, n'kudikira kuti paume. Kuyang'ana bala pa shifiti iliyonse. Kusintha pulasitala patatha masiku 7, kapena nthawi yomweyo akanyowa kapena kumatuka. Pa wodwala mmodzi kamlomoko kamakhudzidwa kambirimbiri patsiku. Ku Britain, mwambo ndi wakuti wodwala aliyense wa pa makina opumira akhale ndi namwino wake wa ICU. Mu Malichi 2020 malangizo a ku England analola kuti namwino mmodzi wotere aziyang'anira odwala mpaka 6, mothandizidwa ndi anamwino obwerekedwa ku mawodi ena, ambiri mwa iwo osazolowera laini. Munthu wothamanga pakati pa mabedi 6, alamu ikulira uku ndi uko, masekondi 15 amamutalikira. Kumuimba mlandu namwino ameneyo n'kusaona chilungamo. Mfundo za ku Michigan zinkadalira kuti pakhale munthu wokhala ndi nthawi yoona ndi yolankhula, ndipo mliri unalanda nthawiyo.

Kenaka panali kugoneka odwala chafufumimba. Kafukufuku wotchedwa PROSEVA anali ataonetsa mu 2013 kuti odwala mapapo kwambiri akagonekedwa choncho maola 16 kapena kuposa patsiku, imfa zimachepa pafupifupi ndi theka, ndipo nthawi ya Covid njirayi inafala paliponse. Inapulumutsa anthu. Koma laini ya pakhosi inkathera pansi, pa pilo, pamene malovu ndi mamina zimayenderera kwa maola onsewo. Pulasitala ankanyowa n'kumatuka pamalo pamene diso silifika. Potembenuza wodwala, ntchito yofuna anthu asanu kapena kuposa, machubu ankakokeka, ena kupindika, ena kutuluka pang'ono.

Zipatala zambiri ku America zinatulutsa mapampu a diripi m'zipinda n'kuwaika m'khonde, kuti namwino azisintha mankhwala osalowa ndi kuwononga gauni ndi masiki zimene zinkasowa. Panafunika kulumikiza machubu ataliatali odutsa pansi pa chitseko. Mfundo iliyonse yolumikizira inali khomo lina la tizilombo, machubu ena ankakhudza pansi, ndipo namwino ankafika pa bedi mwa apo ndi apo. Ngakhale magolovesi anasanduka msampha. Wantchito wovala magolovesi awiriawiri amadzimva wotetezeka, ndipo iye amakhaladi wotetezeka, koma magolovesi amene akhudza bedi lina amanyamula tizilombo mofanana ndi dzanja losasamba. Mu Julaye 2020, m'chipinda cha odwala Covid pa chipatala china ku Florida munabuka Candida auris, fangasi wosamva mankhwala ambiri amene amatha kulowa m'magazi kudzera pa machubu, ndipo ofufuza a CDC anapeza kuti antchito ankavala magauni ndi magolovesi osanjikiza kwa nthawi yaitali.

Mankhwala opulumutsa nawonso anali ndi mbali yake. Mu Juni 2020 kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anaonetsa kuti dexamethasone amachepetsa imfa za odwala a pa makina opumira ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pambuyo pake panabwera tocilizumab. Onse awiri amagwira ntchito pofooketsa ukali wa chitetezo cha m'thupi, choncho amatha kubisa kutentha thupi ndi zizindikiro za m'magazi zimene madokotala amadalira pozindikira matenda atsopano. Laini inkatha kukhala itaola kale wodwala asanatenthe thupi.

Za kuundana kwa magazi, Covid inali ndi mbiri yakeyake. Madokotala a ku Netherlands analemba mu Epulo 2020 kuti mwa odwala 184 a mu ICU, chiwerengero cha opezeka ndi magazi oundana chinafika pa 31 pa 100, ngakhale ankalandira mankhwala oteteza. Kachubu kokhala mu mtsempha kamachedwetsa magazi ndi kukanda khoma la mtsemphawo. Mkono kapena khosi limatupa, laini imatsekeka, ndipo chibuma cha magazi chikamasuka chimakathera m'mapapo amene akuvutika kale. Machubu a makina osefa magazi ankatsekeka pafupipafupi, ndipo chubu chikatsekeka pamafunika kubaya kwina, ngozi zonse zija n'kuyambiranso.

Ku Africa nkhaniyi inali ndi nkhope ina. Kafukufuku wa ACCCOS, wotsogoleredwa ndi Bruce Biccard wa ku yunivesite ya Cape Town, anatsata odwala Covid oposa 3,000 odwalika kwambiri m'zipatala 64 za maiko 10, kuphatikizapo Malawi, Mozambique ndi South Africa. Mwa 100 alionse, 48 anamwalira pasanathe masiku 30. Ku Malawi, kumene odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo 2020, mabedi a ICU m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu anali ochepa zedi poyerekeza ndi anthu pafupifupi 18 miliyoni. Pa 12 Januwale 2021, tsiku limene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo a Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe linasandutsidwa chipatala. Chimene odwala ambiri ankalirira masiku amenewo chinali okisijeni, osati laini.

Komabe pamene laini yaikidwa kuno, mtengo wa kulakwitsa ndi wokwera. Kafukufuku wa magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wotuluka mu 2017, anaonetsa kuti mabakiteriya a Klebsiella osamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anakwera kuchoka pa 12 pa 100 mu 2003 kufika pa 90 pa 100 mu 2016. Ceftriaxone ndiye jakisoni amene zipatala zambiri m'dziko muno zimathamangira munthu akadwalika. Tizilombo totere tikalowa m'magazi kudzera pa kachubu, mankhwala otsala ndi ochepa ndiponso odula, ndipo zipatala zotha kuyeza magazi kuti zidziwe mtundu wa tizilombo si zambiri. Kwa dokotala kapena clinical officer wogonetsa odwala, amene kuno ndi amene amanyamula gawo lalikulu la ntchito ya mu ICU, funso loyamba limakhala lakuti kodi wodwalayu akufunikadi laini.

Yankho la funso limenelo lasintha. Malangizo a padziko lonse a Surviving Sepsis Campaign a mu 2021 amalola kuyamba noradrenaline pa kanyula wa pamkono m'malo modikira laini, malinga akhale pa mtsempha wabwino wa pa chigongono kapena kumtunda kwake, kwa nthawi yochepa, malowo akuyang'aniridwa pafupipafupi. Odwala ena BP imabwerera asanafunike kubayidwa pakhosi n'komwe. Kwa amene ali nayo kale, mfundo yachisanu ya ku Michigan ndi imene imaiwalika msanga pamene mabedi adzaza: m'mawa uliwonse wina afunse ngati lainiyo ikufunikabe lero. Gadiyani nayenso ali ndi ufulu wofunsa zomwezo mwaulemu, ndi kuuza namwino akaona pulasitala wamatuka, pabala pafiira kapena pakutuluka mafinya. Chimene sayenera kuchita ndi kugwira kachubuko kapena kukonza pulasitala yekha.

Kuchotsa laini nakonso kuli ndi malamulo ake, ndipo anthu amwalirapo pa ntchito imeneyi atachira kale matenda amene anawagoneka. Kachubu kamene kakhala masiku ambiri kamasiya kanjira kotseguka kuchoka pakhungu kufika mu mtsempha. Kakazulidwa wodwala atakhala tsonga pa mpando, akangokoka mpweya, mpweya wakunja umalowera pa kanjirako kupita ku mtima kapena ku ubongo. Choncho wodwala amagonekedwa chagada, amauzidwa kuti atulutse mpweya kapena aubanike pamene kachubu kakuzulidwa, namwino amakanikiza pabala kwa mphindi zosachepera 5, amamata pulasitala wosalola mpweya, amayang'ana ngati nsonga ya kachubu yatuluka yathunthu, ndipo wodwalayo amagonabe kwa mphindi 30 asanadzuke.

Pulogalamu ya zaumoyo ya lero yathera pamenepa. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera.)